Chitsulo Chomira Masiku 10, N'kuvuuka ndi Uthenga

Pa ola lino, m'nyanja zamchere za dziko lapansi muli zipangizo pafupifupi 4,000 zimene zikutengeka ndi madzi mumdima wandiweyani, mamita 1,000 pansi pa mafunde. Palibe amene akuziyendetsa. Zilibe injini yozikankha kapena chiwongolero, ndipo palibe chingwe chozimangirira ku sitima. Chilichonse n'chubu cha aluminiyamu, nthawi zambiri chopakidwa penti yachikasu, chotalika kupitirira pang'ono mita imodzi, chokhala ndi kamlongoti koonda kumutu. Chimalemera makilogalamu 20 mpaka 30, moti amuna awiri amachinyamula osatuluka thukuta. Akatswiri a zanyanja amazitcha zipangizo za Argo. Ambiri a ife tidzafa tisanachioneko n'chimodzi chomwe, koma ine ndimaziika m'gulu la ntchito zamanja zogometsa kwambiri zimene anthu apanga m'zaka 30 zapitazi.

Moyo wa chipangizochi umazungulira pa masiku 10. Chikaponyedwa m'madzi chimamira mpaka mamita 1,000, n'kukhala pamenepo masiku pafupifupi 9, chikulowera kumene madzi a pa mlingo umenewo akulowera. Nthawi ikakwana chimatsikanso mpaka mamita 2,000. Kuchokera kumeneko chimayamba kukwera pang'onopang'ono, masentimita 10 pa sekondi, ulendo wa maola pafupifupi 6, ndipo njira yonseyo chikuyeza kutentha kwa madzi, kuchuluka kwa mchere, komanso mphamvu imene madzi akuchifinya nayo, yomwe imachiuza kuya kumene chafika. Chikavuuka chimafunsa setilaiti kuti chili pati, n'kutumiza zonse zimene chayeza, kenako n'kumiranso, zii. Chimachita zomwezi zaka 4 kapena 5, china kuposerapo, mpaka mabatire atatha.

Nanga chopanda injini chimakwera ndi kutsika bwanji? Apa ndi pamene pagona luso lonse. Chinthu chimayandama kapena kumira molingana ndi kulemera kwake poyerekeza ndi madzi amene chawasuntha pamalo pake. Kulemera kwa chubuchi sikusintha, chifukwa palibe chimene chimalowa kapena kutuluka. Chimene chimasintha ndi kukula kwake. M'kati mwake muli mafuta, ndipo kumunsi kwake, kunja, kuli kathumba ka labala. Kampope kakakankhira mafutawo m'kathumbako, kathumba kamafufuma, chipangizo chimatenga malo ochulukirapo m'madzi kulemera kuli komwe kuja, ndipo chimayamba kukwera. Mafuta akabwerera m'kati kathumba kamaphwa, chipangizo n'kumira. M'mitundu yambiri, mafuta onse ogwira ntchitoyi sakwana lita imodzi. Komatu kampope kameneka kamakankha kali pa mamita 2,000, kumene madzi amafinya mowirikiza ka 200 poyerekeza ndi mpweya umene tikupumawu, ngati kuti pa kachigawo ka sentimita imodzi m'litali ndi m'lifupi pasanjikidwa makilogalamu 200. Gawo lalikulu la mphamvu ya mabatire limathera pa kukankha kumeneku, n'chifukwa chake amisiri amawerengera kakankhidwe kalikonse mwaumbombo.

Chisanachoke ku fakitale, amisiri amachiviika m'thanki n'kumachiyeza, kuwonjezera kapena kuchotsa magalamu ochepa chabe. Madzi a m'nyanja salemera chimodzimodzi kulikonse: ozizira amalemera kuposa ofunda, a mchere wambiri amalemera kuposa a mchere wochepa. Chipangizo chopita kumadera otentha a Indian Ocean chimakumana ndi madzi opepuka kwambiri chikamayandikira pamwamba, ndipo chikapanda kuyezedwa bwino chimakanika kuvuuka, n'kutsakamira panjira ndi uthenga wake wonse. Mitundu ina ili ndi kathumba kachiwiri ka mpweya kamene kamafufuma pamapeto penipeni, kuti kamlongoti katulukiretu pamwamba pa mafunde. Kulakwitsa ndi magalamu ochepa m'thanki muja, ndiye kuti madola pafupifupi 20,000 aponyedwa m'nyanja pachabe.

Nzeru imeneyi inayamba mwaumphawi ndithu. Mu 1955 John Swallow, katswiri wa zanyanja wa ku Britain, ankafuna kudziwa mmene madzi akuya amayendera. Anatenga mapaipi a aluminiyamu amene omanga nyumba zosanja amamangira nsanja zokwererapo, ndipo ataona kuti ndi olemera kwambiri, anawaviika mu kositiki soda kuti adyeke, apyapyale. Chimene Swallow anagwiritsa n'chakuti madzi amafinyika mosavuta kuposa paipi yotsekedwa bwino. Paipiyo ikamamira, madzi oizungulira amanka nalemera mofulumira kuposa iyo, mpaka imafika pa mlingo pamene kulemera kwawo kwalingana. Pamenepo imaima yokha, osatsikanso, osakweranso. Anaikamo kachipangizo kolira, n'kumakalondola ali pa sitima pomvetsera kulirako. Mu 1959 ndi 1960, kufupi ndi Bermuda, mapaipi akewo anachititsa manyazi mabuku. Akatswiri ankaphunzitsa kuti madzi akuya amangokwawa, koma mapaipiwo anathamanga mowirikiza pafupifupi ka 10 kuposa mmene ankayembekezera, ena kulowera uku ena uko. Umu ndi mmene anthu anayambira kuzindikira kuti m'nyanja mwadzaza madzi ozungulira, aakulu makilomita makumimakumi kapena mazana, amene ali ngati nyengo ya m'nyanjamo.

Vuto linali lakuti paipi ya Swallow inkafuna sitima yoilondola, ndipo sitima imadya ndalama tsiku ndi tsiku. Cha m'ma 1990, Russ Davis wa ku Scripps ku California ndi Doug Webb anapanga chipangizo chotha kuvuuka chokha n'kulankhula ndi setilaiti. Kenako ena anati, popeza chikukwera kale, bwanji chiziyeza pokwerapo? Mu 1998 gulu lotsogoleredwa ndi Dean Roemmich linalemba dongosolo loti pakhale zipangizo 3,000, chimodzi pa makilomita pafupifupi 300 alionse a nyanja yopanda madzi oundana. Zoyamba zinalowa m'madzi cha m'ma 2000, ndipo chiwerengero cha 3,000 chinakwana mu 2007.

Kugona kwa masiku 9 pa mamita 1,000 kumaoneka ngati ulesi, koma ndi nzeru ya mmisiri wodziwa adani a chida chake. Pamwamba pa nyanja pali dzuwa, ndipo pamene pali dzuwa pali ndere ndi tizilombo timene timamatirira pa chilichonse choyandama. Pali sitima zogunda, maukonde okola, mphepo yokankhira kugombe. Pansipo ndi pamdima, pozizira, ndipo zomera sizikula. Chipangizo chimabisala kumeneko, n'kumatulukira kwa kanthawi kochepa. Kubisalako kumaperekanso mphatso ina yaulere: mtunda wa pakati pa pamene chinamira ndi pamene chavuukira umasonyeza mmene madzi a pa mamita 1,000 ayendera m'masiku amenewo. Chimene Swallow ankachivutikira ndi sitima yathunthu, lero chikubwera ngati basela.

Tiyeni tiyang'ane kumutu kwa chipangizochi, pamene pali zoyezera. Choyezera kutentha chimalondola mpaka madigiri 0.002. Mchere ndiye wovuta. Mu kilogalamu imodzi ya madzi a m'nyanja muli magalamu pafupifupi 35 a mchere, ndipo chofunika n'kusiyanitsa 35.00 ndi 35.01. Palibe sikelo m'menemo. Madzi amadutsa m'kachubu kagalasi kokhala ndi tizitsulo topititsa magetsi, ndipo popeza madzi a mchere wambiri amapititsa magetsi mosavuta, kuchuluka kwa mchere kumadziwika kuchokera pamenepo. Koma kutentha nakonso kumasintha kapitidwe ka magetsi, choncho kampope kena kakang'ono kamakoka madzi kuti adutse pa choyezera kutentha ndi m'kachubu kaja motsatizana, kuti zonse ziwiri ziyeze madzi omwewo. Kachubu kagalasika kakangochita utoto pang'ono m'kati, manambala onse asokonekera. N'chifukwa chake kukhomo kwake amaikako mankhwala opha tizilombo, ndipo chipangizo chikatsala mamita ochepa kuti chivuuke, kampope kaja kamazima dala, kuopa kumeza mafuta ndi litsiro zimene zimayandama pamwamba penipeni. Ine kachinthu kameneka ndiko kamandichititsa kaso kwambiri. Munthu wina anakhala pansi n'kuganizira litsiro la pa nyanja imene iye sadzafikako, n'kusankha kutaya manambala a mamita ochepa kuti apulumutse a zaka 5.

Wina angafunse kuti kulimbana ndi tizigawo ta digiri n'kwa chiyani. Yankho lili m'kukula kwa nyanja. Mamita pafupifupi 3 okha apamwamba pa nyanja amatha kusunga kutentha kofanana ndi kumene mpweya wonse wozungulira dziko ungasunge. Pa kutentha kowonjezereka kumene dziko likusunga chifukwa cha mipweya yoipa, pafupifupi 90 pa 100 kukulowa m'nyanja. Kusintha kwa digiri 0.01 m'madzi okuya mamita 2,000 ndi moto wosaneneka, ndipo wosatha kuyeza 0.01 sangauone.

Zipangizo zoyamba zinkakhala pamwamba maola 6 mpaka 12, zikubwereza uthenga womwewo mpaka setilaiti yodutsa itaumva wonse. Za masiku ano zimagwiritsa ntchito masetilaiti a Iridium ndipo zimamaliza zonse theka la ola lisanakwane. Zimamvanso. Katswiri ali mu ofesi angathe kuuza chipangizo chili pakati pa nyanja kuti chisinthe kuya kogonera, kapena chizivuuka pafupipafupi chifukwa namondwe akubwera kumeneko. Kummwera kwenikweni, kufupi ndi Antarctica, kuli vuto lina: pamwamba pamaundana, ndipo chipangizo chovuuka mosaganiza chingaphwanye kamlongoti kake. Akatswiri a ku Germany ogwira ntchito ku Weddell Sea anachiphunzitsa kuchenjera. Chikafika pakati pa mamita 50 ndi 20 chimaona kuzizira kwa madzi, ndipo akakhala pafupi ndi madigiri 1.8 pansi pa ziro, chimadziwa kuti pamwambapo patsekeka. Chimabwerera pansi, n'kusunga zimene chayeza, n'kudzayesanso pakapita masiku 10. China chimatha nyengo yonse yozizira osamveka, eni ake n'kumaganiza kuti chinafa, kenako n'kutulukira ndi mulu wa manambala a miyezi yambiri. Akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuti munthu amvetse kukula kwa ntchitoyi ayenera kukumbukira mmene zinkakhalira kale. Sitima ya HMS Challenger inazungulira dziko kuyambira 1872 mpaka 1876, ikuima malo pafupifupi 360, amalinyero akutsitsa zoyezera ndi chingwe n'kuzikokanso kwa maola ambiri. Zaka zoposa 100 zotsatira, kuyeza kwambiri kunkachitikabe kuchokera pa sitima, ndipo sitima zimapita kumene kuli malonda ndi nyengo yabwino. Mapu a zoyezedwa anali odzaza kumpoto kwa Atlantic m'chilimwe, koma nyanja za kummwera, makamaka m'nyengo yozizira, zinali pafupifupi zoyera mbee. Lero tsiku lililonse zipangizo pafupifupi 400 zimavuuka, ndipo chipangizo sichisankha mwezi kapena kuopa mafunde. Maulendo oyeza kuchokera pansi kufika pamwamba anakwana 1 miliyoni mu 2012, ndipo anakwana 2 miliyoni mu 2018.

Komabe winawake ayenera kukaziponya, ndipo chaka chilichonse pamafunika zatsopano 800 kapena kuposerapo zolowa m'malo mwa zakufa. Zina zimaponyedwa kuchokera pa sitima zonyamula katundu, zili m'bokosi la katoni lomangidwa ndi chomangira chosungunuka m'madzi: bokosi likagwa chubwi, limamasuka lokha, chipangizo n'kutuluka osavulala. Koma kumadera kumene sitima zamalonda sizidutsa kunafunika ena odzipereka. Sitima yaing'ono ya ku New Zealand yotchedwa Kaharoa, yotalika mamita 28 basi, inkanyamuka ku Wellington itadzaza zipangizo, n'kudutsa Pacific yonse mpaka ku Chile, ikuponya chimodzi apa china apo. Kasitima kameneka kokha kanaponya zoposa 1,000.

Tsopano ndifike pa gawo limene silijambulidwa m'zithunzi, ngakhale kuti kwa ine ndi lomwe limasiyanitsa mmisiri ndi wongoyerekeza. Uthenga ukachoka pa nyanja umadutsa m'makompyuta amene amataya zoonekeratu kuti n'zabodza, ndipo pasanathe maola 24 umakhala utafika ku nkhokwe ziwiri, ina ku Brest ku France, ina ku America. Olosera za mawa amatenga umenewo. Koma pakapita miyezi, katswiri wodziwa bwino dera limenelo la nyanja amakhala pansi ndi mbiri yonse ya chipangizo chimodzi, n'kuyamba kuchikayikira. Chida chimenechi sichidzabwereranso ku fakitale kuti akachiyezenso, ndiye angadziwe bwanji ngati chayamba kunama? Amayang'ana madzi akuya kwambiri, amene sasinthasintha. Pa mamita 1,500 kapena 2,000, madzi a kutentha kwakutikwakuti amakhala ndi mchere pafupifupi womwewo chaka ndi chaka, ndipo zimenezi zinayezedwa kale mosamala kuchokera pa sitima. Chipangizo chikayamba kunena kuti madzi amenewo akunka nawawa mchere mwezi ndi mwezi, pamene anzake oyandikana nawo sakunena choncho, wolakwa ndi kachubu kagalasi kaja osati nyanja. Njira yowerengera kulakwako inakonzedwa bwino ndi Breck Owens ndi Annie Wong mu 2009. Nambala iliyonse imapatsidwa chizindikiro, 1 kutanthauza yabwino, 4 yoipa, ndipo yoyamba ija safufuta. Imakhalabe pambali pa yokonzedwayo kuti wobwera m'mbuyo athe kutsutsa wokonzayo.

Kukayikira kumeneku kunapulumutsapo dziko ku bodza lalikulu. Mu 2006 ofufuza a ku America, mmodzi wa iwo Josh Willis, anafalitsa zoti nyanja yazizirako pakati pa 2003 ndi 2005. Otsutsa zoti dziko likutentha anaombera m'manja. Koma manambalawo sankagwirizana ndi zimene masetilaiti ankaona, ndipo ofufuzawo sanagone nazo tulo. Anapeza kuti gulu lina la zipangizo za ku Atlantic linkalemba kuya kolakwika, moti madzi ankaoneka ozizira kuposa mmene analili, komanso kuti zoyezera zakale zoponyedwa kuchokera pa sitima zinkakokomeza kutentha kwa zaka zam'mbuyo. Mu 2007 eni ake omwewo anafalitsa zokonza, ndipo kuzizira kuja kunatha ngati nthunzi.

Zipangizo 4,000 pa nyanja zonse n'zochepa, n'chifukwa chake sizigwira zokha. Masetilaiti oyeza kutentha amaona nyanja yonse, koma amaona kakhungu kapamwamba kosakwana milimita imodzi. Mayi aliyense wodyetsa mwana phala amadziwa kuti pamwamba sipanena za pansi. Amayamba walowetsa supuni. Masetilaiti ena amayeza kutalika kwa nyanja. Kuyambira ndi TOPEX/Poseidon mu 1992, kudzera m'masetilaiti a Jason mpaka Sentinel-6 ya mu 2020, amauluka pa mtunda wa makilomita 1,336, akuponya mafunde a wailesi pansi n'kuwerenga nthawi imene atenga kuti abwerere, ndipo amalondola mpaka masentimita ochepa. Madzi ofunda amafufuma, choncho pamene pali mulu wa madzi ofunda nyanja imatukuka pang'ono. Setilaiti imaona kutukukako paliponse koma sidziwa chili pansi pake. Chipangizo chimadziwa za pansipo, koma pamalo amodzi. Masetilaitiwa amabwerera pa mzere womwewo pakapita masiku pafupifupi 10, ndipo dongosolo la Argo linakonzedwa dala kuti ziwirizi zizigwirana manja.

Zonsezi zimakakumana m'makompyuta akuluakulu. Ku Toulouse, bungwe la Mercator Ocean linagawa nyanja zonse m'timabokosi ta makilomita pafupifupi 9 m'litali ndi m'lifupi, tosanjikizana ka 50 kuchokera pamwamba mpaka pansi. M'kabokosi kalikonse kompyuta imawerengera mmene madzi asunthire chifukwa cha mphepo, kuzungulira kwa dziko ndi kusiyana kwa kulemera. Ikangosiyidwa yokha, nyanja ya m'kompyutayi imayamba kupatuka n'kukhala nyanja ina yake. Choncho nthawi ndi nthawi amaibweza ndi zoyezedwa zenizeni. Kubwezako nako kuli ndi luso lake, chifukwa zonse ziwiri zimalakwa: kompyuta imalakwa, choyezera chimalakwanso. Amapima kuti pamalo ano wodalirika kwambiri ndani, n'kukonza mosagwedeza zonse, komanso kufalitsa zimene chipangizo chimodzi chanena kuti zikonze timabokosi toyandikana nacho. Zikatero pamatuluka ulosi wa masiku 10 wa kayendedwe ka madzi, kutentha ndi mchere, tsiku lililonse. Oyendetsa sitima amasankhira njira pamenepo, ofunafuna anthu otayika panyanja amadziwira kumene bwato latengekera, ndipo mafuta akatayika amadziwa gombe loti atchinge. Kuyambira 2018, likulu la zanyengo la mayiko a ku Ulaya ku Reading linalumikiza nyanja yoyenda yotereyi ku ulosi wake waukulu wa tsiku ndi tsiku, kusiya kuiona nyanja ngati chinthu chongokhala.

Apa ndi pamene nkhaniyi imafika pakhomo pathu, ngakhale dziko la Malawi ndi la Zambia alibe gombe la nyanja yamchere. Namondwe amadya kutentha kwa nyanja. Amafuna madzi a madigiri 26 kapena kuposerapo, ndipo kuya kwa madzi ofundawo n'kofunika zedi. Mphepo yake imavundula nyanja. Madzi ofunda akakhala opyapyala, ozizira apansi amakwera, namondwe n'kudzizimitsira yekha moto. Akakhala okuya, kuvundulako kumangobweretsa ofunda ena, ndipo namondwe amanka nakula. Pakati pa Mozambique ndi Madagascar pamadutsa madzi ozungulira aakulu, ena ofika makilomita 300, olowera kummwera kangapo pa chaka, ndipo ambiri mwa iwo amanyamula madzi ofunda okuya. Namondwe Idai anadutsa pa nyanja imeneyi asanagwetse Beira mu Malichi 2019. Freddy anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anawoloka Indian Ocean yonse, anagunda Madagascar, analowa ku Mozambique cha ku Vilankulo, n'kubwereranso panyanja yomweyi kukatenga mphamvu zina, kenako n'kudzalowera ku Quelimane pa 11 Malichi. Bungwe la zanyengo la dziko lonse linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe aliyense wolembedwa m'mbiri. Akatswiri a Météo-France ku La Réunion, amene ali ndi udindo woyang'anira anamondwe a dera lino, ankamulondola kuyambira pamene analowa m'derali, ndipo makompyuta amene iwo ndi a zanyengo kwathu kuno amadalira amadyetsedwa manambala a m'nyanja omwe ndafotokozawa.

Sindikufuna kukometsera. Chenjezo linaperekedwa, komabe anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa ku Malawi, ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Choyezera cholondola mpaka 0.002 sichisamutsa nyumba yomangidwa m'mbali mwa phiri la Soche, ndipo sichipezera banja kolowera usiku. Mlandu umenewo ndi wa pamtunda, ndipo ndi wathu. Amisiri a panyanja mbali yawo anaikwaniritsa.

Ng'amba nayo imayambira kutali, madzi a Pacific akafunda, zimene amazitcha El Niño. El Niño wa 1982 ndi 1983 anafika akatswiri asakudziwa, ndipo manyazi amenewo ndiwo anabala zoyezera pafupifupi 70 zomangiriridwa pansi pa Pacific, zomwe zinamalizidwa kuikidwa mu 1994. Zoyezera zomangirirazi zili ndi tsoka lake: nsomba zimakonda kusonkhana pansi pake, asodzi n'kumazitsatira, zingwe n'kumaduka, zida n'kumasowa. Chipangizo chobisala pa mamita 1,000 vuto limenelo chilibe. Chifukwa cha zonsezi pamodzi, El Niño wa 2023 anaonedwa miyezi ingapo mvula yathu isanayambe, madzi ofunda akuyenda pansi pa Pacific kulowera kummawa. Mmera unafotadi, ndipo mu Malichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mlimi amene anamva ulosi wa nyengo pa wailesi n'kusankha mbewu yocha msanga, anathandizidwa ndi chitsulo chachikasu chimene sanachimvepo n'dzina lomwe.

Zoperewera zilipo. Pansi pa mamita 2,000 patsala pafupifupi theka la madzi a nyanja, ndipo zipangizo zatsopano zofika mamita 6,000 zikadali zochepa. M'madzi osaya a kufupi ndi gombe, monga a ku Sofala, chipangizochi sichingagwire ntchito chifukwa chingakhudze pansi. Ndipo ntchito yonseyi yatsamira pa mayiko pafupifupi 30 amene amasonkha mwa kufuna kwawo, theka la zipangizo likuchokera ku America. Boma limodzi likangosintha maganizo, mipata imayamba kuoneka pa mapu pakangopita zaka zochepa, chifukwa mabatire sadikira bajeti.

Chimene mayikowa anagwirizana pachiyambi penipeni ndicho chimandidabwitsa kufikira lero, poona mmene maboma amaumirira chilichonse chokhudza nyanja. Anati zonse zoyezedwa zikhale za aliyense, nthawi yomweyo, popanda kulipira. Wogula chipangizo saloledwa kubisa manambala ake mpaka atalemba kaye pepala lake lomutchukitsa. Chipangizo chikatengeka n'kulowa m'madzi a dziko lina, pali dongosolo lodziwitsa dzikolo. Zimene akuona katswiri wa ku Toulouse m'mawa uno ndi zomwezo zimene angaone wophunzira wa ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Thyolo amene ali ndi kompyuta ndi bandulo ya intaneti.

Ndiye inu a sayansi ya zanyengo, a masamu ndi a zaulimi amene mukusowa mutu wa kafukufuku, musadandaule kuti kwathu kulibe zida. Sankhani chipangizo chimodzi chimene chili pakati pa Mozambique ndi Madagascar, mutsitse mbiri yake, muone kuti madzi a madigiri 26 akulekezera pa mamita angati mwezi wa Januwale. Palibe amene adzakufunseni ndalama kapena kalata yochokera kwa bwana.